Mwini Nyimbo: momwe buku langa la mizukwa likuyendera

6 Okutobala

Mawu 9,200, mitu itatu. Dzulo usiku ndinawawerengera mayi a kunyumba mutu wachitatu, uja ndimauyesa woopsa kuposa inayo. Ndimati tsitsi liwaima, koma iwo anangogwa nako kuseka. Atapukuta misozi anandifunsa kuti, “Kodi bambo, anthu anu oimbawa mitu yawo ikukoka? Chitseko chatseguka chokha kawiri, piyano ikulira popanda munthu, iwo kukacha ali phee kukazinga mazira? Ine ndikanamanga katundu usiku womwewo, wakabaza akanandipeza pamsewu.” Zinandiwawa, koma sananame.

Nkhani yake ili motere. Bandi ya anthu anayi, anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi, yapeza nyumba yakale ya lendi yotsika modabwitsa, ndipo yasamukiramo kuti ijambule chimbale. Usiku m'nyumbamo mumamveka nyimbo yomwe palibe akuiimba. Nkhani za mtundu umenewu ku England amazitcha gothic, ndipo zinayamba kumeneko cha m'ma 1760: zinyumba zamiyala, zipinda zapansi, mabanja osunga chinsinsi chomwe makoma okha akuchidziwa. Ine ndikufuna yanga ichitikire kuno ku Lilongwe, m'Chichewa, ndipo munthu wa ku Kawale akaiwerenga asiye kaye kupita kuchimbudzi chapanja usiku.

Kuseka kwa dzulo kwandionetsa mabowo awiri. Loyamba ndi piyano. Ndinaitola kwa eni ake osaganiza, ndipo ikuoneka ngati suti yobwereka. Ichoke. Lachiwiri ndi lomwe mayi anena: Mmalawi sakhala m'nyumba yoopsa chifukwa chofuna kudziwa. Amathawa, apo ayi amaitana abusa adzapempherere, kapena amazemba usiku kukatenga sing'anga adzatsirike. Chomwe chingamukhazike ndi ndalama basi. Choncho oimba anga alipira lendi ya miyezi itatu, monga alandilodi a mumzinda muno amafunira, ndipo ndalamayo ndi ya katapila. Tsopano athawe tione.

14 Okutobala

Sabata yonse ndakhala ndikusaka nyumba, ngati kuti ndikufuna kukhalamo ndine. Vuto ndi loti Lilongwe ndi mzinda wa dzana. Likulu la boma linachoka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, ndipo Capital Hill, City Centre ndi ma Area ambiri ndi za m'zaka zimenezo kapena pambuyo pake. Mzukwa sukhala bwino m'nyumba yomwe mmisiri wake akadali moyo, akusewera bawo ku Mchesi.

Loweruka ndinayenda wapansi ku Area 3, tsidya la mtsinje wa Lilongwe komwe kunali boma lakale. Nyumba za atsamunda zikadalipo zingapo, za khonde lalitali ndi chumuni, ndipo mwezi uno maluwa a jakaranda ayala pansi ponse. Koma zambiri zazunguliridwa ndi mipanda, zina ndi maofesi, zina malo ogona alendo, pageti pali mlonda ndi wailesi yake. Ukakuwa, anthu khumi abwera. Sizinanditheke.

Ndiye ndaitulutsa nyumbayo mumzinda, ndaiika pa esiteti yakale ya fodya. Apa mbiri ikundithandiza. Fodya ndiye anakulitsa boma la Lilongwe likulu lisanabwere. Mzungu wina, A.F. Barron, anatsegula esiteti ku Mbabzi cha m'ma 1920, nayambitsa ulimi wa matenanti, ndipo mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa Native Tobacco Board yoyang'anira fodya wa alimi achikuda. Nyumba yanga si ya ku Mbabzi, ndi yongopeka, koma ndi ya nthawi imeneyo: njerwa zootcha, malata adzimbiri, kuseri kuli kanyumba ka antchito ndi zigafa zogwa. Msewu wake ndi wafumbi, mvula ikagwa galimoto silowa.

Chomwe chandisangalatsa n'choti nyumba yotere imalankhula yokha popanda mzukwa. Malata akatenthedwa usana wonse ndi dzuwa la Okutobala, madzulo akamazizira amathetheka ngati munthu akuyenda padenga. Mu siling'i mumakhala mileme. Chiswe chikasokonezedwa m'matabwa chimagogoda ndi mitu, kumveka ngati wina akuwaza mchenga papepala. Mitu iwiri yoyamba, phokoso lililonse likhala ndi chifukwa chake chomveka, ndipo woimba ng'oma, yemwe anakulira kumudzi, ndiye azifotokozera anzake mowaseka. Tsiku lomwe iye adzasowe chofotokoza, owerenga adzadziwa okha kuti zinthu zafika pena.

22 Okutobala

Ulendo wa ku Mitundu wagwetsa buku lonse n'kulimanganso.

Ndinapita kukaona agogo aamuna, achimwene awo a agogo anga ondiberekera mayi. Maso anafooka koma mutu uli gwa. Titatha kupatsana moni ndi kufunsana za ana, ndinati, “Agogo, kodi kale kunkakhala nyumba zokhalamo mizukwa?”

Anakhala chete, kenako anati, “Nyumba? Iwe mdzukulu wanga, nyumba ya womwalira inkatsala kuti mzukwa ugonemo? Tikaika maliro, tikameta, nyumba ya siwa tinkaigwetsa. Mitengo yake osamangira ina. Pakapita mvula ziwiri pamera maungu.”

Ndinangoti kukamwa yasa. Chinthu ndinachimva ndili mwana, koma sindinachilumikize ndi zomwe ndikulemba. Kwa azungu wakufa amakakamira nyumba chifukwa nyumba zawo zimakhala zaka mazana, mwana kulowa m'chipinda momwe anafera agogo a agogo ake. Kwathu nyumba inali ya dothi ndi udzu, inkafa pamodzi ndi mwini wake. Wakufa ali ndi kwawo, kumanda, ku nkhalango ija timaidutsa mwaulemu osaloza chala. Akafuna kanthu sagogoda pazenera, amabwera kutulo, amadwalitsa mwana, mpaka abale amvetse kuti akufuna mowa, nsembe ya ufa patsinde pa mtengo, kapena kuti khanda lipatsidwe dzina lake.

Ndinafunsanso, “Nanga wovutitsa anthu ndi uti, agogo?”

“Ndi uja wofera kuchilendo. Palibe wamulira, palibe wameta, palibe wamufululira mowa wa mpalo. Ameneyo sadziwa koti alowere. Amangoyenda. Sikuti ndi woipa ayi, ndi wosowa.”

Mawu akuti wosowa ndinabwera nawo mu minibasi njira yonse mpaka kudepoti. Mzukwa wanga woyamba unali wolusa popanda chifukwa, wongotsegula zitseko ngati mwana wopulupudza. Tsopano ndikumudziwa. Anali tenanti wochokera kutali, woimba chida cha nsambo chija chotchedwa bangwe, yemwe bwana wa esiteti ankamuitana kuti aziimbira alendo pakhonde. Anadwala, anamugoneka m'kachipinda kosungira katundu m'nyumba yaikuluyo, ndipo anafera momwemo. Antchito anzake anamukwirira kuseri kwa zigafa, opanda mbale, opanda adzukulu a kwawo. Nyumbayo inayenera kugwetsedwa, koma ndani akanagwetsa nyumba ya njerwa ya bwana chifukwa cha tenanti? Ndiye oimba anga anayi, osadziwa, akugona m'nyumba ya siwa yomwe yaima zaka pafupifupi 90. Mchewa aliyense akamva zimenezi thupi limachita tsembwe, sipafunikanso kangaude kapena chitseko cholira.

Ndawasiyira agogo shuga ndi fodya wawo wapamphuno. Mphatsoyo yachepa.

29 Okutobala

Ndafufuta mawu 6,000. Otsala 3,200. Magetsi anathima masiku atatu motsatizana nthawi yomwe ndimalemba, laputopu batire yake ndi ya mphindi 40, ndiye ndabwerera ku kope ndi bolopeni. Kutentha ndiye kosanena, nyenje zikungolira m'mitengo. Sindinalembe chanzeru.

5 Novembala

Ndinakhala masana onse mu situdiyo ya mnyamata wina ku Area 25, chipinda chimodzi chomwe makoma ake anamata mathireyi a mazira, pazenera anatchinga ndi matiresi. Ndimafuna ndione momwe amajambulira kuti ndisadzachite manyazi pamaso pa oimba enieni.

Ndinaphunzira zambiri zazing'onozing'ono, monga zoti amayamba ndi ng'oma ndi besi, mawu amabwera pomaliza, ndipo woimba amavala mahedifoni kuti nyimbo isalowenso mu maikolofoni. Koma chomwe ndinapita nacho kunyumba ndi china. Atakweza voliyumu popanda woimba, m'masipika munamveka kulira kwapansipansi, mmmm, kosalekeza. Ndinafunsa kuti n'chiyani. Iye anati, “Akulu, amenewo ndi magetsi. Waya akakhala wosalumikizika bwino, kapena nyumba ilibe earth, waya uja wolowa m'nthaka, amalowa mu nyimbo. Timalimbana nawo tsiku lililonse.” Magetsi athu amagwedezeka ka 50 pa sekondi, ndipo kugwedezeka kumeneko kukamveka ngati liwu kumagwera pafupi kwambiri ndi G wapansi pa besi. Anandionetsa: anakhudza G, mawu awiriwo anayamba kumenyana pang'onopang'ono, wuu wuu wuu, ngati chinthu chopuma.

Mutu wachinayi wabadwira pomwepo. Wojambula wa bandi yanga wavutika ndi kulira kumeneku sabata yonse, wasintha mawaya, watukwana nyumba yakale. Usiku wina magetsi athima, nyumba yonse mdima bii, laputopu ikuyendera batire. Kulira kuja kumayenera kusiya. Sikukusiya. Kenako kukukwera pang'ono, kutsika, kukwera, ndipo iye azindikira kuti ndi munthu akung'ung'udza nyimbo.

Ndalemba mutuwo usiku umodzi, mawu 2,400. Pomaliza ndinadzuka kukayatsa nyali yapakhonde, sindikudziwa chifukwa chake.

12 Novembala

Bangwe wandivuta kumupeza kuposa nyumba. Achinyamata ambiri omwe ndawafunsa amangomva dzina. Pomaliza mlamu wanga ananditengera kwa mkulu wina cha ku Nathenje yemwe akadali naye, ngakhale anati zala zinauma.

Chida chake n'chosavuta kuchiona: thabwa lopyapyala, waya mmodzi wamtali wopisidwa m'mabowo uku ndi uku mpaka kupanga nsambo zisanu ndi ziwiri, timitengo tokweza nsambozo, ndipo kumapeto thabwalo limalowa m'chitini kuti mawu akule. Poimba, zala zina zimagwira nsambo zomwe sakufuna kuti zilire, chala chimodzi n'kumakwapula zonse pamodzi. Ndinawafunsa kuti, “Bambo, nyimbo za bangwe zimakamba chiyani makamaka?” Iwo anati, “Mavuto a mwini wake, mwanawe. Ng'oma ndi ya gulu. Bangwe ndi wa munthu mmodzi, akakhala yekha madzulo.” Anaimba kanyimbo kamodzi, liwu lonjenjemera, chitini chikuchita nthetenya. Sindinawajambule. Ndinali ndi foni m'thumba, ndipo chala chinayabwa, koma ndinakumbuka kuti buku langa likukamba za chimenechi.

Pajatu ulusi wa nkhani tsopano ndi uwu. Woimba gitala, yemwe nyimbo zinamuuma m'mutu chaka chathunthu, ndiye woyamba kumva bangwe usiku. M'malo mothawa, akutenga kope. Kukacha akuuza anzake kuti walota nyimbo. Nyimboyo ndi yokoma kuposa zonse zomwe anapekapo, anzake akuikonda, ikhala yotsegulira chimbale. Chochititsa mantha kwambiri m'buku lonse ndikufuna chichitike masana dzuwa lili pamutu, pamene iye akudzaza pepala lolembetsera nyimbo ku COSOMA, bungwe loteteza zaluso lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndipo pa mzere wofunsa wopeka akulemba dzina lake. Kuchokera tsiku limenelo wakufa uja akusiya kuimba. Akuyamba kumvetsera.

Ndinaganizako zoika tepi yakale m'nkhaniyi, poti m'zaka za m'ma 1950 Hugh Tracey anayenda m'Nyasaland ndi makina ake kujambula oimba akumidzi, a bangwe omwe, ndipo zojambulazo zikusungidwa mpaka lero ku South Africa. Zikanakhala zophweka: bandi ipeza tepi mu siling'i, chinsinsi chiululika. Ndazikana. Woimba wanga anafa makina asanafike. Palibe anamujambula, palibe analemba dzina lake, ndipo n'chifukwa chake nyimbo yake ili ndi malo amodzi okha okhalamo.

19 Novembala

Mnzanga wina yemwe anawerenga mitu inayi wandiumiriza kuti ndilowetse gule wamkulu. Akuti, “Achimwene, buku la mizimu la ku Lilongwe lopanda chilombo chotuluka kudambwe? Azungu akadzalimasulira adzafuna zimenezo.” Ndakana, ndipo takangana mpaka tiyi kuzizira.

Zifukwa zanga ndi ziwiri. Ine sindinalowe, ndiye za kudambwe si zanga kuzikamba. Komanso gule si chidole choopsezera ana m'buku. Pamaliro a Achewa gule ndi amene amaperekeza mzimu kuti ufike kwawo, ndipo UNESCO inamulemekeza mu 2005 chifukwa cha ntchito ngati imeneyo. M'nkhani yanga choopsa n'choti mwambo sunachitike. Kuika gule ngati chilombo choopsa kukanakhala kutembenuza zinthu chadodolido. Chimodzimodzi ng'oma yopatulika ija ya Mbiriwiri ya ku kachisi wa Makewana ku Msinja, kufupi ndi Dzalanyama: inandikopa, poti buku ndi la oimba, koma ndaisiya komwe ili. Chomwe ndalola ndi chimodzi. Usiku wina mphepo ibweretsa kulira kwa ng'oma ya mbalule kuchokera kumudzi wakutali komwe kuli maliro, ndipo bangwe m'nyumbamo ayesa kutsatira, ngati mwana woima kunja kwa mpanda pomwe anzake akudya.

Mawu 14,800.

3 Disembala

Mvula yagwa yamphamvu, ngumbi zadzaza pakhonde, ndipo inenso ndatsekera oimba anga m'nyumba, mlatho wa pamsewu wawo wakokoloka. Vuto la sabata ino linali chilankhulo. Ndimapezeka ndalemba ziganizo zazitali zofotokoza mdima ndi mantha, kuziwerenga mokweza zikumveka ngati ulaliki womasuliridwa. Chichewa chili ndi zida zake. Zii, phee, gwaa, tseketseke, go go go: liwu limodzi lotere limagwira ntchito ya ndime yathunthu. Agogo aakazi akamatisimbira nthano, ife n'kumavomera kuti tili tonse, sankanena kuti kunali koopsa. Ankangotsitsa mawu, n'kusiya kaye. Ndiye ndadula. Ndime yomwe ndakhutira nayo ndi iyi:

“Mtsikana anavula mahedifoni. Kunja mvula inali itakata, madontho okha pa malata, tho, tho. Anati, ‘Bwezeraninso pomwe ndapumira paja.’ Wojambula anabwezera. Anamva liwu lake likutha mzere, anamva akukoka mpweya. Pambuyo pake panamvekanso wina akukoka mpweya, pafupi, ngati wotsamira paphewa. Woimba ng'oma anatsegula pakamwa kuti afotokoze. Anatsekanso.”

Ndinawawerengera mayi a kunyumba. Sanaseke. Anangoti, “Zitsekotu mwakhoma?” Ndinagona wokondwa ngati wapambana chikho.

Cholakwika chomwe apeza n'choti mtsikanayo ndamusandutsa wongoopa ndi kulira. Akuti mkazi yemwe waimba m'makwaya a maliro kuyambira ali wamng'ono, wogona pa siwa kambirimbiri, ndiye angakhale woyamba kuzindikira chomwe nyumbayo ili, ndipo sangakuwe, angayambe nyimbo ya maliro. Ndabwerera ku mutu wachiwiri kukamukonza. Wasanduka mutu wa nkhani osandipempha.

11 Disembala

Mawu 21,500, mitu isanu ndi iwiri mwa khumi. Ndaima pa mathero, ndipo ndaimadi.

Njira yoyamba ndi yoti nyumba ipse kapena igwe. Ikugwirizana ndi za agogo zija, siwa igwetsedwe, koma ndi mathero omwe aliyense angawalote ali pa mutu wachitatu. Njira yachiwiri ndi yoti achite mwambo: apeze manda kuseri kwa zigafa, apite kwa amfumu, afulule mowa, amete. Ndinailemba, masamba asanu, ndipo ndi yokoma mopitirira, ngati sewero lophunzitsa anthu. Komanso ili ndi bowo lalikulu lomwe ndinaliona mochedwa. Pothira nsembe umatchula dzina. Iwo dzina alibe. Okalamba onse omwe akanalidziwa anapita, m'mabuku a esiteti munkalembedwa mabelo a fodya ndi ngongole, ndipo chiswe chinadya kalekale.

Ndinawaimbira agogo kudzera pa foni ya msuweni wanga. Ndinati, “Agogo, munthu wosadziwika dzina mungamuthirire bwanji nsembe?” Anayankha kuti, “Amadzitchula yekha, mdzukulu wanga. Amalowa mwa wina n'kunena. Koma wolowedwayo sabwerera yense.” Foni inaduka, mayunitsi anatha.

Ndiye funso latsala ndi loti alowe mwa yani. Wakuba nyimbo ndiye woyenera, koma zikuoneka ngati chilango cha kukhoti, chowongoka kwambiri. Mtsikana ndiye amamva, koma sindikufuna kuti mkazi alipire mlandu wa mwamuna, taziona kokwanira. Dzulo ndili pamzere wogula makala ku Kawale ndinaganiza za wojambula, munthu wosakhulupirira kanthu, yemwe wakhala usiku uliwonse ndi liwulo m'makutu kudzera m'mahedifoni, kulibwereza, kuliyeretsa, kulikweza. Ngati pali khomo lomwe latseguka kwa miyezi itatu, ndi makutu ake.

Ndiyesa zimenezo sabata ino. Dzina lenilenilo sindinalipeze, ndipo pa malo pake m'kope ndangosiya mpata. Loweruka ndibwerera ku Nathenje ndi nsambo zatsopano za waya zomwe mkulu uja anandituma, ndikamufunsenso ngati woimba bangwe amadzitchula dzina m'kati mwa nyimbo yake, ndipo ngati amatero, amalitchula poyamba kapena pomaliza.